Batukaras ku Java: ndiponye nawo ndalama zogulira malo kumeneko?

Wa_ku_Muizenberg:

Moni nonse akuluakulu. Pali nkhani yandisowetsa tulo nde ndati ndibwere nayo kuno poti muno muli anthu oyenda komanso odziwa malamulo. Ine ndili ku Cape Town, ndimagwira ntchito pa malo ena ogona alendo kufupi ndi nyanja, bwana wanga ndi munthu wokonda koopsa surfing, masewera oyenda pa mafunde a nyanja utaima pa bolodi. Iwowa ndi anzawo awiri akufuna kugula malo pamudzi wina wotchedwa Batukaras ku Indonesia, pachilumba cha Java, amangepo tinyumba ta alendo ndi kalesitilanti, nde andiuza kuti ndikaponyapo kangachepe kanga ndikhala ndi gawo komanso mwina ndidzapita ineyo kukayang'anira malowo poti ntchito ya alendo ndimaidziwa. Ndalama zake ndi zomwe ndakhala ndikusunga zoti ndikamalizire nyumba kwathu ku Mangochi, panopa ili pa windo levulo.

Chomwe chikundikayikitsa nchakuti akuti pepala la malowo lilembedwa m'dzina la mnyamata wina wakonko amene amaphunzitsa alendo surfing, ati mlendo saloledwa kulembetsa dzina lake, koma pakhala kalata ina yosainirana kwa loya yonena kuti eni ake enieni ndife. Bwana akuti aliyense amapanga choncho kumeneko palibe vuto. Nde ndimafuna amene anafikako andiuze, mudziwu ndi wotani, alendo amabweradi, munthu wakuda ngati ine angakhaleko bwinobwino? Komanso za pepalazi ndi zoona? Chonde ndithandizeni ndisanayankhe, andipatsa mpaka kutha kwa mwezi.

Mphwanga_wa_Bandung:

Achimwene, za malamulo ndisiyira ena, ine ndikuuzani za mudziwo chifukwa ndinaphunzira mumzinda wa Bandung pachilumba chomwecho ndipo tikatsekera sukulu anzanga ankakonda kunditengera kumeneko.

Batukaras ndi mudzi wa asodzi, uli kummwera kwa Java m'mbali mwa Indian Ocean, m'dera la Cijulang, boma la Pangandaran, chigawo cha West Java. Bomali ndi latsopano ndithu, linachoka ku Ciamis mu 2012, likulu lake lili ku Parigi. Anthu ake ambiri ndi a mtundu wa Sunda, pakhomo amayankhula chiSunda osati chiJava ngakhale chilumba ndi chomwecho, koma aliyense amadziwa Bahasa Indonesia, ndipo anyamata a surfing aja Chingelezi amachiyankhula bwino chifukwa tsiku lonse ali ndi alendo.

Kukafika kwake nkovutirapo ndipo ndi chimene chausunga mudziwu kuti usadzaze alendo ngati chilumba cha Bali. Mukatera ku Jakarta mutha kukwera sitima yothamanga ija ya Whoosh yomwe inayamba mu 2023 mpaka ku Bandung, koma kuchoka pamenepo palibenso zothamanga, ndi maola 6 kapena kuposa pa msewu wokhotakhota wodutsa ku Tasikmalaya ndi Ciamis, apo ayi sitima wamba mpaka ku Banjar kenako basi yopita ku Pangandaran kenako ina yopita ku Cijulang. Kale njanji inkafika mpaka ku Cijulang komweko koma inatsekedwa cha kumayambiriro kwa ma 1980, milatho yake ndi mapanga ake zilipobe. Pa Cijulang mumakwera njinga yamoto ya kabaza, iwo amati ojek, ndipo nthawi imene ine ndinkapita tinkadulira pa mlatho wansungwi wodutsa pa mtsinje, umagwedera njinga ikamadutsa, mumalipira kandalama kochepa kwa oyang'anira. Palinso kabwalo ka ndege ka Nusawiru pafupi pomwepo komwe kumatera tindege tating'ono ta Susi Air. Mwini wake wa kampaniyo, mayi Susi Pudjiastuti, kwawo ndi ku Pangandaran konko, anayamba ndi geni ya nsomba mpaka anakhala nduna ya zausodzi kuyambira 2014 mpaka 2019, ndi uja ankamiza zombo za anthu obera nsomba, nde kumeneko anthu amamunyadira kwabasi. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, pamenepo simudzavutika.

Mudzi weniweniwo ndi waung'ono. Pali gombe lalitali la mchenga wakuda-wakuda pomwe amakocheza maboti, ambiri a buluu okhala ndi timitengo totchinjiriza mbali zonse ziwiri kuti asagubuduke, pali malo ogulitsira nsomba pa okushoni m'mawa, kenako mukazungulira kaphiri mumafika pa kagombe ka Legok Pari komwe kuli surfing. Funde la pamenepo silaukali, limabwera mwaulemu nkuyenda mtunda wautali, nchifukwa chake ophunzira kumene ndi a mabolodi ataliatali aja amalikonda, ndipo nchachilendo chifukwa nyanja ya kummwera kwa Java malo ambiri ndi yolusa, anthu amamira. Kuseri kwa mudzi ndi minda ya mpunga ndi mitengo ya kokonati, m'mawa ndi madzulo mumaona abambo akukwera mitengoyo kukatenga timadzi ta ku maluwa ake tomwe amayi amaphika nkukhala shuga wofiira. Chapafupi pali Green Canyon, eni ake amati Cukang Taneuh, mumakwera boti pa mtsinje wa Cijulang nkulowa pakati pa miyala italiitali madzi akudontha kuchokera pamwamba, kukongola kwake ndi kosasimbika koma mvula ikagwa madzi amasanduka matope, nde osapita nthawi ya mvula mukuyembekezera zobiriwira za pa chithunzi. Nyengo yake ikufanana ndi yathu, mvula imachuluka kuyambira Novembala mpaka cha mu Malichi, kungoti kutentha kwake ndi kwa chinyontho, thukuta tsiku lonse, ndipo udzudzu wake ngwa matenda a dengue, umaluma masana.

Chakudya simudzasowa. Mpunga katatu pa tsiku inde, nsima muiiwale pokhapokha mutanyamula ufa, koma chinangwa chilipo, chigwada amadya, nsomba zowotcha ndi tsabola wawo wa sambal, mlamba wokazinga amati lele, ndipo pali nsomba ina amati mujair yomwe ndi makakana athu omwe a ku Lower Shire aja, inachokera kuno ku Africa. Mukakafika ku Pangandaran mudzaonanso nsomba yamchere yotchedwa jambal roti yomwe aliyense amagula popita kwawo.

Za alendo. Amabwera, koma mumvetse kuti ambiri ndi eni dziko. Loweruka ndi Lamulungu mabasi amadzaza kuchokera ku Bandung ndi Tasikmalaya, mabanja athunthu kusamba ndi zovala zomwe, ndipo pa Lebaran, ndi Eid yotsatira Ramadan ija, komanso pa Nyuwere simungapeze chipinda kapena poponda. Pakati pa sabata zii, kumangotsala azungu a mabolodi ndi achinyamata ochepa a ku Jakarta. Nde aliyense amene akukuwerengerani phindu ngati kuti zipinda zizidzaza chaka chonse mumufunse bwinobwino. Komanso ma homestay, nyumba za eni mudzi zogonekamo alendo, alipo kale ambiri ndipo ndi otchipa, mukakapikisana ndi amenewo.

Za khungu lathuli, adzakuyang'anani, ana adzakutsatirani, ena adzapempha kujambulitsa nanu, mafunso ngati mwakwatira, mukupita kuti, chipembedzo chanu nchiti. Ine sindinaonepo nkhanza, chidwi basi, ngakhale pena chimatopetsa. Mudzi ndi wa Asilamu, azana imamveka mbandakucha, Lachisanu masana zinthu zambiri zimaima, inu wa ku Mangochi zimenezi si zachilendo. Mowa umapezeka m'malo a alendo koma kuyenda nawo mumsewu ayi. Akuluakulu muziwaitana Bapak ndi Ibu, anzanu Aa kapena Akang, atsikana Teteh, podutsa pamaso pa anthu muziti punten, popereka chinthu dzanja lamanja. Adzakuuzaninso za Nyi Roro Kidul, mfumukazi ya nyanja ya kummwera, kuti osavala zobiriwira polowa m'madzi, ndipo chaka ndi chaka asodzi a dera limenelo amachita mwambo wa Hajat Laut wothokoza chifukwa cha nyanja. Musaziseke zimenezi, kwa iwo nzazikulu.

Ine ndimaukonda mudzi umenewu ndipo ndikanakonda mutakauona ndi maso anu musanaikepo olo tambala.

NaPhiri_wa_Mapuloti:

Achimwene, ine ntchito yanga ndi ya zogula ndi kugulitsa malo, ndipo za ku Indonesia ndinaziwerenga mozama nthawi ina pomwe kasitomala wanga ankafuna zofanana ndi zanuzi pachilumba cha Lombok. Ndikuyankhani mosapsatira chifukwa ndalama ya nyumba si yoseweretsa: njira imene akuuzaniyo musalowemo.

Lamulo lawo lalikulu la malo ndi la 1960, nambala 5, amalitchula mwachidule kuti UUPA. Limanena poyera kuti umwini wathunthu wa malo, womwe amati Hak Milik, ndi wa nzika za Indonesia zokha. Ndipo silinathere pomwepo, gawo 26 limati kugulitsa kulikonse kapena njira ina iliyonse yofuna kupereka umwiniwu kwa mlendo, kaya mwachindunji kaya mozembera, ndi yopanda mphamvu, malowo amapita ku boma, ndipo ndalama zomwe munalipira simungaziitanitsenso. Mawu oti mozemberawo ndi omwe akukhudza inu. Kalata yachiwiri ija yomwe akuti musainirana kwa loya siikutetezani, kukhoti ndi umboni woti munagwirizana kuzemba lamulo. Nde taganizani, mnyamata uja atamwalira malowo ndi a mkazi wake ndi ana ake mwalamulo, atasudzulana mkazi atenga gawo, atakongola ku banki nkupinyolitsa setifiketi banki ilanda, atangosintha maganizo basi wasintha. Mwina ndi munthu wabwino, sindikumunena, koma inu simukumudziwa, amene akumudziwa ndi bwana wanu, nde inu muli kumbuyo kwa munthu amene ali kumbuyo kwa munthu wina. Zoti aliyense amapanga choncho nzoona kuti ambiri apangapo makamaka ku Bali, ndipo kumeneko milandu ya anthu olira chifukwa cha zomwezi yafika m'makhoti kambirimbiri.

Njira zovomerezeka zilipo. Yoyamba ndi lendi, Hak Sewa, mumabwereka malo kwa mwini wake zaka zomwe mwagwirizana, ambiri amapanga 25 kapena 30, mumalemba kwa notary wawo, wazamalamulo wotsimikizira mapangano, zaka zikatha malo ndi zomwe munamangapo zimabwerera kwa mwini pokhapokha mutalemberatu za kuwonjezera ndi mtengo wake. Yachiwiri ndi Hak Pakai, ufulu wogwiritsa ntchito malo, uwu umalembedwa m'dzina la mlendo weniweniyo, zaka 30 kuwonjezera 20 kenako kukonzanso 30 malinga ndi lamulo la boma nambala 18 la 2021, koma ndi wa nyumba yokhalamo inuyo, pamafunika mapepala a imigireshoni olongosoka ndipo boma linaika mtengo wotsikitsitsa wa nyumba yomwe mlendo angagule, mabiliyoni a ma rupiah, ndalama za konko, sikuti kanyumba kalikonse. Yachitatu, yomwe ndi yoyenera bizinesi ya malo ogona alendo, ndi kutsegula kampani ya alendo yotchedwa PT PMA, kampaniyo nkutenga Hak Guna Bangunan, ufulu womanga, nawonso 30, 20, 30. Koma apa boma limafuna pulani ya bizinesi yoposa ma rupiah 10 biliyoni, ndi pafupifupi madola 600,000 a ku America, kuphatikiza malipoti ndi misonkho nthawi ndi nthawi. Ngati abwana anu ali ndi mphamvu imeneyo bwanji sakudzera njira imeneyi? Funso limenelo muwafunse. Ndipo akati chabwino titsegula kampani ya wamba m'dzina la mnyamatayo ife tikhale ndi masheya mobisa, lamulo la zamalonda la 2007 nambala 25 gawo 33 linaletsanso zimenezo.

Ena amati ndikwatira konko basi nkhani yatha. Siyitha. Mkazi kapena mwamuna wa ku Indonesia akakwatirana ndi mlendo popanda pangano lolekanitsa chuma nayenso amavutika kukhala ndi Hak Milik, chifukwa chuma cha m'banja chimatengedwa kuti ncha onse awiri. Ndipo pangano limenelo likakhalapo tanthauzo lake ndi loti malowo ndi ake yekha.

Tsono ngakhale pa lendi pomwe pali zoti muone. Kumidzi malo ambiri alibe setifiketi ya ku ofesi ya malo ya BPN, ali ndi timapepala takale ta msonkho totchedwa girik kapena Letter C tolembedwa ku ofesi ya mudzi, ndipo nthawi zambiri ndi malo a makolo omwe ana onse ali ndi gawo, mmodzi akusainirani lero mawa atulukira wina wochokera ku Jakarta kuti ine sindinavomere. Pali malo a mudzi, tanah kas desa, ndi malo operekedwa ku chipembedzo, wakaf, amenewa sagulitsidwa. Pali minda ya mpunga yotetezedwa ndi lamulo la 2009 yomwe simungangoisandutsa puloti, pomwe malo otchipa okongola omwe alendo amawakonda nthawi zambiri ndi minda yomweyo. Pali malire a gombe, sempadan pantai, mamita osachepera 100 kuchokera pomwe madzi amafika akadzaza, nde wina akamakuuzani kuti timanga mphepete mwenimweni mwa madzi dziwani kuti pali vuto. Chilolezo chomangira chimatchedwa PBG, chinalowa m'malo mwa IMB mu 2021. Pogula pali msonkho wa wogula wa BPHTB mpaka 5 peresenti, wogulitsa 2.5 peresenti, ndipo kusamutsa umwini kumachitika kwa ofesala wotchedwa PPAT osati pansi pa mtengo ndi mboni ziwiri. Kumeneko malo amayeza ndi bata kapena tumbak, imodzi ndi pafupifupi masikweya mita 14, nde mukamva mtengo mufunse ngati ndi wa bata kapena wa mita, anthu amasokonezeka pamenepa. Muonenso njira yolowera, puloti ina imakhala yabwino koma yozunguliridwa ndi minda ya anthu, msewu wake nkukhala wongokomerana mtima.

Chomaliza ndi chanu inuyo. Akuti mukayang'anire malowo. Ndi chitupa chanji? Visa yokacheza siilola ntchito, olo kuima pa kauntala kulandira alendo, ndipo a imigireshoni akumeneko amathamangitsa anthu pa zomwezi. Pamafunika KITAS, pemiti yokhalira m'dzikomo ndi kugwira ntchito, yomwe kampani yolembetsedwa imakutengerani. Ngati palibe kampani, palibe amene angakutengereni. Nde lonjezo la ntchito lija ndi pepala la m'dzina la mnyamata lija sizikuyendera limodzi.

Chembe_Original:

Aise ine sindinafikeko ku Java koma nkhani yakoyi ndikuimva kuwawa mbali ina. Ndinakulira ku Cape Maclear ndipo ndinaona ndi maso momwe gombe limathera, lero loji mawa mpanda, amayi omwe ankatsuka mbale ndi kuchapa pamenepo akuuzidwa kuti zungulirani, asodzi pokocheza bwato pakuchepa, makolo anagulitsa motchipa ana pano akulondera pa geti pa malo omwe anali a agogo awo. Ntchito zinabwera inde sindikana, ineyo sukulu ndinalipira ndi ndalama za alendo. Koma lamulo la Indonesia lomwe achemwali afotokozali ine ndikuliona kuti analiika kuti anthu a m'mudzi ngati umenewo asadzakhale alendo kwawo, nde iwe mwana wa kunyanja ukalowe nawo gulu lolizembera? Malizitsa nyumba ku Mangochi man, ukafuna bizinesi ya alendo nyanja tili nayo, pepala lidzakhala m'dzina lako.

Aphunzitsi_Opuma:

Mwana wanga, anzanuwa anena za malamulo ndi za anthu, ine ndiwonjezere za nthaka ndi nyanja poti ndinaphunzitsa jogalafe zaka zambiri ndipo palibe amene watchula.

Kummwera kwa Java pansi pa nyanja pali mphako yaitali yotchedwa Java Trench, pomwe thanthwe lalikulu lonyamula Australia likulowa pansi pa lomwe lanyamula Java, masentimita angapo chaka chilichonse. Nchifukwa chake chilumbachi chili ndi mapiri ophulika ambiri ndi nthaka yachonde chotere, komanso nchifukwa chake gombe limenelo lili pa ngozi. Pa 17 Julaye 2006, masana, kunachitika chivomezi cha mphamvu 7.7 pansi pa nyanja kummwera kwa Pangandaran. Choopsa chake chinali chakuti kumtunda sichinamveke kwambiri, ambiri anangomva kagwedezeko pang'ono ena sanamve nkomwe, nde palibe anathawa. Patangopita mphindi makumi angapo madzi anafika, mamita angapo kutalika, ndipo pachilumba cha Nusakambangan chakummawa anakwera mpaka pafupifupi mamita 20. Anthu oposa 600 anafa m'mbali mwa gombe lonselo, Pangandaran ndi yomwe inapwetekeka kwambiri, ndipo Batukaras nayo madzi analowa nkuwononga nyumba ndi maboti. Izi zinachitika pasanathe zaka ziwiri chichitikireni tsunami ija ya 2004 ya ku Aceh, ku Indonesia komweko. Mu 1994 zofananazo zinachitikanso kummawa kwa chilumbachi, dera la Banyuwangi, anthu oposa 200 anapita. Akatswiri a ofesi yawo ya zanyengo ndi zivomezi ya BMKG akhala akuchenjeza kuti mbali imeneyi ingathe kudzabweretsa chachikulu kuposa pamenepa.

Sindikunena kuti musapiteko, anthu akukhala kumeneko mibadwomibadwo ndipo pano anaika zikwangwani zolozera kothawira. Koma mukakafika, tsiku loyamba lomwelo muyende wapansi kuchoka pogona panu mpaka pamalo okwera, mudziwe njira yake ngakhale usiku. Nthaka ikagwedera nthawi yaitali, olo mofooka, kapena mukaona nyanja ikubwerera m'mbuyo modabwitsa, musadikire sailini kapena uthenga wa pafoni, thawirani kumtunda. Ndipo kwa womanga, malo a m'mphepete mwa madzi omwe amaoneka okoma pa chithunzi ndi omwe amayamba kumenyedwa. Mufunse abwana anuwo ngati pa chiwerengero chawo aikapo inshulansi ya chivomezi ndi tsunami, komanso ngati aganizira za mchere wa m'nyanja womwe umadya malata ndi zitsulo, ndi chinyontho chomwe chimaoletsa matabwa, chifukwa nyumba ya kugombe lotentha imafuna kukonza chaka ndi chaka.

Wa_ku_Muizenberg:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawirikawiri. Achemwali NaPhiri, dzulo ndinawafunsa bwana za kampani ija ya PT PMA, anati ndi yodula komanso yochedwa nchifukwa chake asankha njira ya mnyamatayo, kenako anati mwina atha kusintha nkupanga lendi ya zaka 25 m'dzina la iwowo bwanawo, ine nkundilembera pepala la gawo langa kuno ku South Africa. Kodi pamenepa zasintha? Aphunzitsi, za tsunami sanandiuzepo olo kamodzi, ndipo pa chithunzi chomwe anandionetsa malowo ali pafupi kwambiri ndi madzi. A Chembe mawu anu andilasa, bambo anga ndi msodzi.

A Mphwanga, ngati nditati ndingopita kukaona ndekha pa holide, ndikonzekere bwanji?

NaPhiri_wa_Mapuloti:

Zasintha pang'ono koma kwa iwo osati kwa inu. Lendi ili m'dzina la bwana ndi yovomerezeka ngati yalembedwa bwino, koma imangowapatsa ufulu wokhala pamalopo, kuyendetsa bizinesi ya alendo ndi nkhani ina yofuna ziphaso zake, ndipo mlendo payekha popanda kampani sangazitenge, nde mapeto ake ziphasozo zidzalembedwanso m'dzina la munthu wakonko, tabwerera pomwe paja. Inuyo pepala lanu la ku South Africa likukupatsani ufulu wosumira bwana wanu ku South Africa basi, ku Indonesia dzina lanu silikupezeka paliponse. Ndipo taganizirani kuti munthu amene mungadzamusumireyo ndi yemwe amakulipirani kumapeto kwa mwezi, zikadzavuta mudzataya ndalama ndi ntchito tsiku limodzi.

Ngati mtima ukukakamirabe, apempheni zinthu izi musanatulutse kalikonse: kope ya setifiketi ya malowo ndi umboni woti yafufuzidwa ku BPN, kalata ya boma la Pangandaran yosonyeza kuti pamalopo mpololedwa kumanga malo a alendo, mtunda wake kuchokera pa malire a gombe, ndi dzina la kampani yomwe idzakhale ndi ziphaso komanso kukutengerani KITAS. Zimenezi muzipititse kwa loya wa ku Indonesia amene mwamupeza nokha, osati wa iwowo kapena wa wogulitsa. Akakwiya chifukwa mwafunsa, kapena akati nthawi yatha sainani kaye, ndalama yanu ikhale m'thumba. Ndipo kukana kwake mutha kukana mwaulemu, kungoti bwana ndalama ija ndalonjeza kale kunyumba.

Mphwanga_wa_Bandung:

Kupita kokaona nde ndikugwirizana nako achimwene. Za visa muyambe mwafunsa ku ofesi ya kazembe wa Indonesia, ku Cape Town komweko ali ndi ofesi, mutenge musananyamuke ndipo pasipoti ikhale ndi miyezi yoposa 6. Ndege zambiri zochokera kumeneko zimadzera ku Doha, Dubai kapena Singapore kenako Jakarta. Musapite pa Lebaran kapena kumapeto kwa Disembala, mitengo imakwera ndipo simudzauona mudzi weniweni, komanso mukonze zoti mudzakhaleko pakati pa sabata ndi pa wikendi pomwe kuti mudzaone kusiyana kwa alendo ndi maso anu, muziwerenga zipinda zomwe zikuyaka magetsi usiku Lachiwiri. Mutenge ndalama za m'manja ku Pangandaran kapena ku Cijulang chifukwa malo ang'onoang'ono khadi yakunja sailandira, simu khadi ya Telkomsel ndi yomwe imagwira bwino kumidzi, mankhwala othamangitsa udzudzu musaiwale, ndipo njinga yamoto mukabwereka chipewa muzivala, chipatala chachikulu chili kutali ku Pangandaran.

Mukagone pa homestay ya banja la konko osati pa malo a mzungu, muzikadya m'ma warung, timalesitilanti tating'ono ta eni mudzi, m'mawa muzipita kokocheza maboti. Inu mwana wa msodzi mukangogwira nawo chingwe pokoka boti mwapeza abale, ndipo amenewo ndi omwe angakuuzeni kuti puloti ija ndi ya ndani kwenikweni, madzi a 2006 anafika pati, ndipo ndi angati anabwera ndi mapulani ngati a abwana anuwo nkusiya maziko okha. Mukapitenso ku ofesi ya mudzi mukapereke moni kwa a kepala desa, ndi ngati kukaonekera kwa amfumu. Mawu ochepa a Bahasa muphunziretu, ndi chiyankhulo chosavuta kuyamba, manambala ndi moni mutha kuzigwira musanakwere ndege. Mukatsimikiza masiku mundilembere ku inbox ndikulongosolereni za masitima ochokera pa siteshoni ya Gambir ku Jakarta kupita ku Banjar, matikiti ake amagulidwa pa app ya kampani ya masitima ya KAI ndipo a wikendi amatha msanga.